Kalata Yotseguka kwa Atsogoleri a Mipingo: Oyimba Athu Akubwerera Kuminda Yawo

Kwa abusa, ansembe, akulu a mpingo, asungichuma, ndi nonse amene mumakhala pansi kugawa chuma cha mipingo yathu kuno ku Malawi,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Katundu amene mwasenza ndikumudziwa. Denga la tchalitchi likudontha, nyumba ya abusa ikufunika kukonza, ndalama zopita ku likulu sizinakwane, amasiye ndi odwala maso ali pa inu, pamene m'mbale ya chopereka mukugwa ndalama zomwe zija za chaka chatha ngakhale zinthu zakwera mtengo. Choncho musaone ngati mwana wayamba mwano. Ndalemba poyera chifukwa dandaulo langali si la mpingo wathu wokha. Tikakumana ndi anzanga otsogolera makwaya a mipingo ina, kaya ndi pa maliro kaya pa chikondwerero cha makwaya, nkhani imakhala yomweyi.

Ine ndine mtsogoleri wa kwaya pa mpingo wina wa kumudzi. Dzina la mpingowo ndalisunga dala, pakuti atsogoleri anga ndimawalemekeza ndipo si iwo okha amene amatero. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi. Pokonza ndondomeko ya chuma cha chaka chino tinapereka pempho lathu papepala: ndalama yokonzetsera kiyibodi imene inapsa, mabuku angapo a nyimbo, ndi kangachepe kothandizira mayendedwe. Pempholo silinakambidwe n'komwe. Mkulu wa mpingo woyang'anira kwaya anabwera ndi yankho lalifupi, mutu atazolika: "Akuti a kwaya adzionera okha, amadziwa kusonkha." Sabata yomweyo, usiku wa Lachinayi, foni inalira. Gogo wina wa kutsidya kwa mtsinje watisiya, ndipo uthenga unali woti kwaya ifike msanga chifukwa ku siwa kuli zii.

Tinapita. Timapita nthawi zonse.

Ndiyambire pa maliro pomwepo, popeza ndi pamene ntchito ya oyimba imaonekera bwino. Inu amene munagonapo pa siwa mukudziwa kuti mawu a Mulungu a madzulo amatenga mwina theka la ola, koma usiku ndi wautali. Chimene chimaunyamula usikuwo mpaka tambala woyamba ndi nyimbo. Amayi m'nyumba pafupi ndi bokosi, achinyamata panja pa moto, kulandirana nyimbo ina pambuyo pa inzake kuti wamasiye asatsale yekha ndi maganizo ake. Kukacha, anthu omwewo, mawu atasasa, amaperekeza thupi ku tchalitchi, kuchoka apo kumanda, ndipo satseka pakamwa mpaka adzukulu atamaliza kukwirira, nkhata zitayalidwa. Tsiku limenelo mayi wogulitsa tomato sanakhale pa benchi yake, mnyamata wa kabaza sananyamule munthu, wa ganyu wataya ndime yake. Palibe mmodzi wa iwo amene amafuna kulipidwa chifukwa choyimba pa maliro, ndipo ine ndingakhale woyamba kukana zoterozo. Koma maliro akakhala a kutali, mpingo ukapeza galimoto ya akulu a mpingo, n'chifukwa chiyani oyimba amauzidwa kuti aliyense apise m'thumba mwake? Kodi akupita kumeneko m'dzina la ndani?

Tawerengani nokha magulu a mumpingo, muone amene amatumidwa kawirikawiri kuposa kwaya. Lamulungu lililonse, maukwati, ubatizo, misonkhano ya chitsitsimutso, kulandira alendo ochokera ku likulu, kutsanzikana ndi abusa osamuka, tsiku la masika. Pa Paper Sunday, ndani amachititsa kuti anthu adzuke m'mipando, avine kupita kutsogolo ndalama zili m'mwamba, ena mpaka kubwereza kachitatu? Ndi kwaya. Madzulo ake ndalama zikawerengedwa, zimagawidwa ku njerwa, ku simenti, ku mpanda, ku galimoto ya abusa, zonsezo n'zofunika ndithu, koma kwa amene anatuluka thukuta kuti ndalamayo ibwere sikupita ngakhale ya chikopa cha ng'oma. Akulu anati ng'oma yolira sikhalira kusweka. Yathuyi tikuyimenya tsiku ndi tsiku osayiyang'ana m'mbali ngati yayamba kung'ambika.

Dandaulo lachiwiri ndi la zida ndi mabuku. Kiyibodi, gitala, zokuzira mawu, ngakhale nthambo zake, zonse zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zimenezi inakwera kufika pamene kusonkha kwa ana a sukulu ndi amayi ogulitsa mandasi sikungafikepo. Kiyibodi yathu inapsa magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pozima, chifukwa panalibe kachipangizo kotetezera, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa chigawo chimodzi mwa khumi cha mtengo wa kiyibodiyo. Ndinakapempha kawiri konse. Za mabuku ndiye musanene. Buku limodzi anthu asanu kusuzumira, masamba oyambirira ndi omalizira anathothoka kalekale. Wotsogolera mapemphero akatchula nambala ya nyimbo, ndime yoyamba imamveka bwino chifukwa tonse tinailoweza tili ana, yachiwiri mawu ayamba kuchepa, pofika yachinayi tchalitchi chonse chikungong'ung'udza kudikira Amen.

Koma chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni si kiyibodi ayi. Ndi kusowa kwa maphunziro. Makolo athu amene anapita ku sukulu za mishoni anaphunzira solofa. Mphunzitsi wopuma ntchito amene anandilowetsa m'kwaya ankatha kutenga buku, kuyang'ana zilembo za do, re, mi, n'kuyimba nyimbo imene sanaimvepo chibadwire, kenako n'kugawa mawu anayi, sopulano, alito, tena ndi besi, popanda chida chilichonse. Anthu amenewo akutha mmodzimmodzi, ndipo luso lawo tikulikwirira nawo limodzi. Lero mtsogoleri wa kwaya amasankhidwa chifukwa ali ndi mawu okweza kapena chifukwa ndi amene sajomba. Nyimbo amazitenga pa foni, zina za zilankhulo zimene iye mwini sazimva, n'kuphunzitsa ana athu kutchula mawu amene tanthauzo lake palibe akulidziwa. Sindikumunyoza, pakuti akuchita zimene angathe. Palibe anamutengako n'kukamuphunzitsa.

Mbusa timamutumiza kukaphunzira ku Zomba, ku Nkhoma kapena ku Ekwendeni, wansembe ku Kachebere ndi ku St Peter's, zaka zingapo, mpingo ukulipira, chifukwa timadziwa kuti guwa si malo oyikapo munthu wosakonzeka. N'zoyenera. Nanga amene amasankha mawu oti mpingo wonse uyike m'kamwa mwake? Makolo anga, ndilankhule mosapsatira. Munthu akatuluka m'tchalitchi, chimene amabwereza polima, posinja, potunga madzi, potonthoza mwana kumbuyo, kawirikawiri si mutu wa ulaliki. Ndi nyimbo. Ulaliki wolakwika mutha kuukonza Lamulungu lotsatira, koma nyimbo yophunzitsa zabodza ikalowa mumpingo imakhala zaka, agogo n'kuisiyira adzukulu awo. Ndinaimapo pambali pa mphasa ya mayi wokalamba amene anali ataiwala mayina a ana ake obereka yekha. Titayamba nyimbo imene anaiphunzira m'kalasi ya ubatizo ali mtsikana, milomo yake inatsatira ndime zonse osaphonya liwu. Zimene zinatsala mwa iye pa mapeto zinali zimene anaziyimba. Ngati chiphunzitso chimakhazikika mwa anthu motero, ndiye kuti ophunzitsa nyimbo ndi aphunzitsi a chikhulupiriro, ndipo kuwasiya osaphunzira ndi kusewera ndi moto.

Palinso nkhani ya achinyamata amene tikuwataya. Tinali ndi mnyamata amene anadziphunzitsa yekha kiyibodi, kumabwera m'mamawa kudzalumikiza nthambo, kuyimba mapemphero onse awiri, kutsala kukonza zida anthu atapita kukadya. Zaka zinayi anachita zimenezo, ngakhale sopo sitinamugulirepo. Pano ali m'tauni, amayimba m'maukwati ndi m'malo omwera mowa, chifukwa kumeneko amamupatsa ya ufa ndi lendi. Dzina lake likatchulidwa pa bwalo, mawu amene amamveka ndi oti "walowerera". Sindikuvomereza kumene ali, ndipo ndimamuyimbira foni kumukumbutsa kwawo. Komabe funso limandivuta: pamene anali pakati pathu, tinachitapo chiyani kuti akhale?

Zimenezi si zachilendo. Tsegulani Nehemiya chaputala 13, ndime 10 mpaka 13. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu anapeza kuti Alevi sankapatsidwa magawo awo, kotero Alevi ndi oyimba amene ankagwira ntchitoyo anali atathawira yense kumunda wake. Chimene ndikufuna muone ndi amene Nehemiya anakangana nawo. Sanatsatire oyimbawo kuminda kukawadzudzula kuti ndi osadzipereka kapena okonda ndalama. Anapita kwa olamulira n'kuwafunsa chifukwa chimene nyumba ya Mulungu yasiyidwira. Atatero anasonkhanitsa oyimbawo n'kuwabwezera m'malo awo, anthu anabweretsa chakhumi cha tirigu, vinyo ndi mafuta, ndipo iye anaika asungichuma okhulupirika oti azigawira abale awo. Kwa Nehemiya, kuchoka kwa oyimba kunali kusiyidwa kwa nyumba ya Mulungu, ndipo mlanduwo unali wa ogawa chuma.

Ndondomeko imene iye ankabwezeretsa inachokera kwa Davide. Pa 1 Mbiri 23:5 timawerenga za Alevi 4,000 opatulidwa kutamanda Yehova ndi zoyimbira zimene Davide anakonzetsa. Chaputala 25 chikutchula Asafu, Hemani ndi Yedutuni pamodzi ndi ana awo, ndi chiwerengero cha ophunzitsidwa kuyimba, onse aluso, 288. Pa 1 Mbiri 15:22 pali Kenaniya, amene anaikidwa kuyang'anira zoyimba chifukwa anali waluso. Ndipo 1 Mbiri 9:33 akuti oyimba ankakhala m'zipinda za ku kachisi, omasulidwa ku ntchito zina, popeza ankagwira ntchito yawo usana ndi usiku. Zoyimbira zinagulidwa, anthu anaphunzitsidwa, ophunzitsawo anadya. Salmo 33:3 likamatiuza kuti tiyimbe nyimbo yatsopano ndipo tiyimbe mwaluso, luso limenelo silimera lokha ngati bonongwe pa dzala.

Ngakhale kuno kwathu tili ndi umboni wa zimene zimachitika mtsogoleri akaikapo mtima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mmishonale Donald Fraser ali pakati pa Angoni ku Loudon, kumene timati Embangweni, ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa mayimbidwe a makolo awo, mpaka kuchititsa mipikisano ya kupeka nyimbo. Mwa njira imeneyo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula anatisiyira nyimbo zimene zikuyimbidwabe lero, patapita zaka zoposa 100. Ku Balaka, Alleluya Band inakula pansi pa phiko la parishi ya Katolika, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo mmenemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, amene mawu awo dziko lonse linawamva. Achinyamata aluso analipo m'midzi ina yambiri nthawi yomweyo. Kusiyana kwake n'koti ku Balaka kunapezeka woti awaikire zida m'manja. Abale athu a Katolika alinso ndi chikalata cha msonkhano wachiwiri wa ku Vatican cha 1963 chokhudza mapemphero, chimene chimatcha nyimbo za mpingo chuma cha mtengo wosawerengeka, chimalamula kuti ziziphunzitsidwa m'maseminale, ndiponso kuti mayimbidwe a mitundu ya anthu azilemekezedwa. Mawu abwino alipo kale m'mabuku athu tonse. Chatsala ndi kuwaona mu bajeti.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuyankha mumtima. Mukuti kuyimba ndi utumiki wodzipereka. Inde, ndipo oyimba ambiri adzapitiriza kudzipereka mpaka kufa. Koma amayi amene amasesa tchalitchi modzipereka, tsache timawagulira. Mukuti mpingo ndi wosauka. N'zoona, ndiye chifukwa chake sindikupempha zoyimbira za mamiliyoni. Mpingo wa kumudzi umene uli ndi mabuku okwanira, ng'oma ziwiri za chikopa chabwino, visekese, ndi mtsogoleri wodziwa kugawa mawu, ungayimbe mpaka wodutsa pamsewu kuima. Kunena zoona, ndaona matchalitchi ena m'tauni amene anagula zokuzira mawu zikuluzikulu, phokoso n'kumiza mpingo, anthu n'kusanduka oonerera. Kumeneko ndalama zinapita koma kupembedza sikunapindule. Ndalama yoyamba ipite mwa munthu, chida chibwere pambuyo.

Mukutinso a kwaya sadalirika pa ndalama. Apa ndivomere, kuwawa kuli apo. Alipo makwaya amene anasonkhetsa anthu za yunifolomu, nsalu osaoneka. Alipo amene anajambula chimbale, phwando lokhazikitsa n'kuchitika, ndalama n'kuthera m'matumba a anthu atatu, kwaya n'kugawikana. Alipo oyimba amene amatuluka panja nthawi ya ulaliki ngati kuti gawo lawo latha. Zimenezi ife tiyenera kulapa. Komabe taonani kumene zimachokera. Gulu limene mwaliuza kuti lidzionere lokha, limasunganso lokha ndalama zake, kunja kwa mabuku a mpingo, popanda wozilondoloza. Mukalilowetsa m'ndondomeko ya chuma, mwalilowetsanso m'kawerengedwe ka chuma. Amene walira mvula walira matope: ife tikupempha thandizo, ndipo tikuvomera kufunsidwa malisiti.

Tsono zopempha zanga, m'malo mwa anzanga ambiri amene sangalembe, ndi izi.

1. Mpingo uliwonse ukhale ndi mzere wa nyimbo ndi mapembedzedwe m'ndondomeko yake ya chuma ya chaka. Ine ndikuganiza zoyambira pa K5 mwa K100 iliyonse yotsala pa mpingo, koma kuchuluka kwake mukambirane malinga ndi mphamvu zanu. Chachikulu n'choti mzerewo ulembedwe, uwerengedwe pamaso pa mpingo, ndipo usakhale woyamba kufufutidwa zinthu zikavuta.

2. Kwaya ikatumidwa ndi mpingo, ku maliro, ku msonkhano kapena kukalandira alendo, mayendedwe ndi chakudya zikhale za mpingo, monga zimakhalira kwa nthumwi zina zonse.

3. Masinodi, madayosizi ndi malikulu a mipingo akonze maphunziro a atsogoleri a makwaya kamodzi pachaka, ngakhale a sabata imodzi pa nthawi ya tchuthi: solofa, kagawidwe ka mawu, kasankhidwe ka nyimbo mogwirizana ndi Malemba ndi nyengo za mpingo, ndi kasamalidwe ka zida. Aphunzitsi alipo. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa nyimbo, ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ndipo m'mipingo yathu momwemo muli okalamba odziwa solofa amene akungokhala pakhonde kudikira wowafunsa. Amenewo muwafulumirire pamene akadali moyo, ndipo nyimbo zimene zili m'mitu mwawo zilembedwe ndi kujambulidwa.

4. Mabuku a nyimbo agulidwe ndi mpingo chaka ndi chaka, pang'onopang'ono, mpaka benchi iliyonse ikhale ndi ake, kuyambira ku Sande sukulu ndi ku makalasi.

5. Amene amathera masiku ambiri a sabata pa ntchitoyi, monga woyimba kiyibodi ndi wophunzitsa makwaya, aziganiziridwa ndi kangachepe kokhazikika. Kumene ndalama kulibe, thumba la chimanga cha masika, kapena fizi ya teremu imodzi ngati ali pa sukulu, zinganene zambiri kwa iye.

6. Ndalama zimene kwaya yapeza yokha, kaya ndi ganyu wa m'minda, kaya ndi chimbale, zilowe m'mabuku a mpingo m'dzina la kwayayo, zisasunthidwire ku ntchito ina popanda kukambirana ndi eni ake, ndipo lipoti lake liziwerengedwa limodzi ndi malipoti ena. Opeka nyimbo athandizidwe kulembetsa ntchito zawo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, kuti nyimbo yobadwira mumpingo isakalemeretse wina kutauni mwini wake akusowa mchere.

7. Pokambirana za mapemphero ndi chuma chake, mtsogoleri wa kwaya aziyitanidwa kudzalankhula yekha. Nkhani yathu yakhala ikufika pa bwalo kudzera m'kamwa mwa ena, ndipo imafika itafota.

Kwa inu Akhristu anzanga amene mukuwerenga kalata yopita kwa atsogoleriyi, msonkhano wa mpingo ukadzafika ndipo msungichuma akadzamaliza kuwerenga ndondomeko ya chuma, mudzakweze dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti za nyimbo zili pa mzere uti. Ngati mungathe, muwaonetse abusa anu kalatayi.

Makolo anga, ife timakumana Lachitatu ndi Loweruka, 4 koloko madzulo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, chifukwa makiyi amakhala ndi munthu wa kutali. Ndikukhulupirira kuti kwaya ya mpingo wanu nayonso ili ndi tsiku lake ndi mtengo wake. Mupiteko tsiku limodzi osalengeza, mukakhale kumbuyo, mukawerenge mabuku amene ali nawo ndi nkhope zimene zinalipo chaka chatha koma pano kulibe. Kiyibodi ija ili kunyumba kwanga, yokutidwa m'chitenje kuopa fumbi, ndipo pepala la pempho lathu ndalikoperanso kuti ndidzalipereke pa bwalo likubwerali.

Ine mwana wanu mwa Ambuye,
Mtsogoleri wa kwaya